Tinanenerera Mathero a Filimu

Pa Chimbiya, kuseri kwa mabenchi a tomato ndi kabichi, panali nyumba ya vidiyo ya Che Ajasi. Kale inali golosale. Mawindo anawatseka ndi makatoni kuti dzuwa lisalowe, komanso kuti ife osalipira tisaonere ulele. M'katimo munkanunkha utsi wa jenereta, thukuta ndi chipisi chimene akuluakulu ankalowa nacho m'timajumbo. Mipando inali matabwa a paini osapala, moti ukakhalapo ndi kabudula wong'ambika unkakazula zibayo kunyumba.

Pano ndili ku Joni, ndimagulitsa machaja, makava a foni ndi malamba pafupi ndi pokwerera matekisi, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Pakamwapo ndinapanolera pakhomo pa Che Ajasi. Mkuluyo ankalola ana a alimi kulowa ndi kachewere m'malo mwa ndalama, poti akazi awo ankakazinga chipisi kumsewu. Ndiye tinkakunkha m'minda eni ake akakumba, n'kubwera ndi timbatata tonga mazira a njiwa. Che Ajasi ankati mbale yodzaza, ine ndinkati theka, n'kudandaula kuti filimu ya dzana inali yodukaduka. Ankakoka ndevu, n'kunena kuti, "Lowa. Iwe udzagulitsa ndi amako omwe." Amayi sindinawagulitse. Ndinangowasiya.

Amene anandilowetsa chilakolako cha mafilimu anali achimwene anga a Fabiano. Chingerezi chawo chinali cha sitandade faifi, Chitchaina ndiye osayamba, koma ankamasulira zonse mopanda mantha, ndipo benchi yonse inkawatchera khutu. Ndiwo anandiphunzitsa lamulo lalikulu la m'vidiyo, lakuti ekita, mwini filimu uja, safa. Amenyedwe, amangidwe, aponyedwe kuphompho, pomaliza adzuka basi.

Kenako achimwenewo anapita ku Lilongwe kukaitanira minibasi. Atabwerako patapita zaka, shati yawo inkaoneka ngati yobwereka. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Amayi anawayalira mphasa m'khitchini pafupi ndi moto, chifukwa inali nyengo yozizira, pamene nkhungu imatsika m'mapiri n'kukhala pakhomo mpaka masana ngati mlendo wosadziwa kutsazika. Matendawo panalibe wowatchula dzina. Anthu ankangoti akudwaladwala, n'kuyang'ana pansi.

Loweruka lina achimwene anamva kwa anyamata kuti kwabwera filimu ya msilikali wotayika m'nkhalango ya adani, wofunafuna njira ya kwawo. Iwo kufika kuchimbudzi kokha kunali ulendo, ndiye anatuma ine. "Pita ukandionere, mphwanga. Ukabwere nayo yonse, usakadye ina panjira." Amayi, amene ankati vidiyo ndi sukulu ya akuba, anatapa kachewere pa mbewu imene ankasunga, n'kundidzazira mbale. Tsiku limenelo sindinanenerere. Che Ajasi anandiyang'ana kawiri, ngati akuona ngati ndadwala.

Ndinaionera ngati mayeso. Ndinasunga m'mutu chilichonse, nsapato zake zong'ambika, njoka imene anawotcha n'kudya, chithunzi cha mayi ake m'thumba la shati. Chakumapeto anamuwombera pachifuwa ndi pamwendo, n'kugwera mumtsinje. Madzi anafiira. Mkulu wa adani ankatsika pang'onopang'ono ndi mfuti. Pomwepo chithunzi chinanjenjemera, n'kusanduka mpunga. Deki inali itatafuna tepi. Che Ajasi anaisolola ngati matumbo a nkhuku, anayesa kuikulunga ndi bolopeni, anthu akukuwa kuti abwezeredwe. Nthawi ya swala itakwana anatseka chitseko n'kupita kumzikiti. Anati tepiyo inali yobwereka ku boma, ibwerera mawa momwemo.

Njira ya kwathu ku Kaphuka inatalika tsiku limenelo. Mphepo inkandiluma m'makutu, ndipo ndinkadziwa kuti ndanyamula katundu woperewera. Ndinaganiza zochita zimene wogulitsa aliyense amachita, kuwonjezera zanga pamwamba.

Achimwene ndinawasimbira zonse ali chigonere, maso ali kudenga lakuda ndi mwaye. Nditafika pamtsinje paja sindinapume n'komwe. Ndinati ekita anadzuka m'madzi, n'kuwapha onse, ndege n'kubwera kudzamutenga.

"Wakweza mtengo," anatero. "Pachifuwa? Munthu sadzuka."

"Koma achimwene, munkanena nokha kuti ekita safa."

"Ndinali ndisanayende. Tsitsa."

Ndinazindikira kuti andigwira, koma sanakwiye. Pakamwa pawo panali kakumwetulira. Ndiye ndinatsitsa pang'ono, ndinati chabwino, anapulumuka koma mwendo anaudula. Anakana. Ndinati miyendo yonse iwiri, koma anakwatira nesi. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amayi n'kubwera ndi madzi m'chikho, n'kundiyang'ana ndi diso loti ndisiye. Achimwene anakweza dzanja kuti malonda sanathe.

"Anafa, Dominiko," anatero atapeza mpweya. "Ingovomera."

Ndinakana. Ndinali nditayamba kulira, ndipo ndinkadziwa kuti sitikukambanso za msilikali. Ndinati sindingagulitse pamenepo, bola katundu abwerere.

"Chabwino, tikumane pakati," anatero. "Anafa, koma osati mumtsinje. Anthu anamutola, anamufikitsa kwawo. Mayi ake anamufunditsa bulangete. Anamva fungo la utsi wa kwawo. Pamenepo bwanji?"

Amayi anali atatembenukira kukhoma, akusonkheza moto umene unali kuyaka kale. Ndinavomera. Achimwene anandipatsa dzanja monga amachitira pamsika wa mbuzi, ndipo linali lopepuka ngati phesi. M'moyo mwanga ndagonjapo pa malonda ambiri, koma sindinagulitsepo chinthu motchipa chonchi. Mwezi usanathe tinawaika kuseri kwa mitengo ya bulugamu, nkhungu ili tolo.

Masiku ano mafilimu ali m'thumba. Anyamata amene ndimagona nawo chipinda chimodzi amaonera masewero a ku Nigeria ndi a ku Korea, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a pakamwa kuposa a Fabiano, aliyense payekha, timawaya m'makutu. Palibe amasimbira mnzake. Ine ndimakondabe zakale zomwe zija, za karate ndi za asilikali, zithunzi zosaoneka bwino, ndipo amandiseka kuti ndine mdala. Ndikamva kuti nyumba ya Che Ajasi pano amachajiramo mafoni, sindidabwa.

Chaka chatha filimu ija ndinaipeza pa foni, nditakhala pa kreti tsiku la mvula lopanda makasitomala. Ndinaizindikira ndi nsapato zija. Ndinadikira mpaka pamtsinje. Ekita anadzuka m'madzi. Anawapha onse. Ndege inabwera.

Ndinaseka ndekha mpaka mayi wogulitsa nthochi pambali panga anandifunsa ngati ndili bwino. Mtengo wanga woyamba uja unali woona, kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo kasitomala anaukana. Koma kuno ndaperekeza anzanga angapo amene anafera m'zipinda za lendi, ife n'kumayenda ndi chipewa chosonkhetsera ndalama kuti bokosi likwere galimoto ya kumudzi, ena n'kuikidwa konkuno poti chipewa sichinadzaze. Ndiye ndimati achimwene sanali kutsitsa. Amene anapempha chinthu chodula anali iwowo.