Tsiku limene ndinatsitsa apongozi m'galimoto yawo

Umakaniki ndinaphunzira kwa amalume anga ku Furancungo, mu ofisina yawo yokonzera magalimoto kuseri kwa msika. Nditakwatiwa ku Tsangano ndinatsegula yangayanga, kachisakasa ka malata m'mbali mwa msewu. Apongozi anga aamuna, mlimi wa kachewere ku Ntengo-Wambalame, sanandiletse. Koma kariniya yawo, galimoto yonyamulira matumba, sanabwere nayo kwa ine ngakhale kamodzi. Ankadutsa pamenepo, kukweza dzanja, n'kupita kwa mmisiri wina kumtunda.

Chaka china nthawi yokumba kachewere, anaima pa ofisina m'mawa. Ndinapukuta manja, n'kugwada chapatali monga mwa mwambo.

"Mayi," anatero akuyang'ana matayala, "buzina yafa. Dzulo pa kona ya kutsetsereko ndinatsala pang'ono kuomba ng'ombe za anthu. Ndadinadina kuti ilire, zii."

Nditayatsa galimoto ndinaona kanyali kofiira ka eyabegi kakukana kuzima. Eyabegi ndi thumba lija lobisika pakati pa volanti, chiwongolero chija, lofufuma pangozi kuti chifuwa chisamenyeke. Popotoza volanti ndinamva kukhwekhwereza. Ndinawauza kuti yaduka ndi fita, kalamba kamawaya kokulungidwa kuseri kwa volanti, kamene kamapereka moto ku buzina ndi ku thumbalo.

"Wakumtunda uja akuti angoika batani pambali, thumbalo alitaye."

"Buzina idzalira ndithu, bambo. Koma m'mene mumatsikira mapiri muja ndi katundu, ine thumbalo sindingalitaye."

Anayang'ana volanti. "Itanitsani fitayo."

Inabwera pa shapa, minibasi ija, kuchokera ku Tete patapita masiku anayi, ndipo Loweruka apongozi anafika dzuwa litangotuluka. Anaimika galimoto, n'kukhala momwemo pa mpando wawo kuti aonerere. Apa ndiye panavuta. Chikwatiwire ndinali ndisanawauzepo chochita.

"Bambo, wongolani matayala ayang'ane kutsogolo. Mukatero mundipatse shavi yoyatsira galimoto, mutsike."

"Nditsike? Galimoto yangayi?"

"Inde, bambo. Thumbali lili ndi onga. Likaphulika muli pafupi, ndikawauza chiyani amayi?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba chiyambire. Kenako anatsika, n'kukhala pa tayala lakale.

Ndinamasula chingwe cha negativu ku bateriya, n'kuchimanga ndi nsanza kuti chisabwerere. Ndiye ndinangokhala pansi. Apongozi anafunsa ngati ndaiwala poyambira. Ndinati ayi, moto umatsalira m'mawaya, tidikire kinzi minutu. Tinadikira, aliyense akuyang'ana kwake. Maminiti khumi ndi asanu amenewo anatalika kuposa ntchito yonse.

Nthawi itakwana ndinamasula mabawuti awiri kuseri kwa volanti, n'kusolola pulagi yachikasu ya thumba lija pang'onopang'ono. Thumbalo ndinalinyamula nkhope yake italoza kutali ndi ine, n'kuliika pa thabwa chagada, nkhope kumwamba. Ndinajambula mzere ndi penti pa volanti ndi pa chitsulo chake kuti ndidzabwezere pomwepo. Nati yaikulu yogwira volanti ndinaimasula osaichotseratu, chifukwa volanti ikazuka mwadzidzidzi imamenya pakamwa. Amalume ali ndi dzino loduka la ntchito yomweyi.

Volanti itachoka, ndili mkati mochotsa fita yakale, ndinamva pepala likulira kumbuyo. Nditacheuka, apongozi atsegula bokosi la fita yatsopano, chala chili pa kapulasitiki kofiira koitsekera, akufuna aone mmene imazungulirira.

"Siyani!"

Mawuwo anatuluka okha, aakulu, ngati ndikukalipira mwana. Amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anatembenuka onse. Ndinatsitsa mawu.

"Pepani, bambo. Kameneko kakachoka msanga, fita imasochera pakati pake. Mukadzakhota kwambiri idzadukanso."

Anaibweza m'bokosi ndi manja awiri. "Mwanena bwino. Pitirizani."

Ndinailowetsa m'malo mwake, kubwezera volanti pa mzere wanga, ndipo pamenepo m'pamene ndinazula kofiirako. Nati ndinaimanga ndi sipanala yoyezera mphamvu mpaka inati tha. Ndinalumikiza pulagi yachikasu, kubwezera thumba, kenako ndinaonetsetsa kuti m'galimoto mulibe munthu ndisanabwezere chingwe cha bateriya. Shavi ndinaipotoza nditaima kunja, dzanja lokha kudzera pa zenera. Kanyali kanayaka. Ndinawerenga chamumtima. Kanazima.

"Dinani, bambo."

Anadina. Buzina inalira mpaka mbuzi za pamsika zinabalalika. Anadinanso kachiwiri, ndipo ndinaona akumwetulira chobisa.

Ndinawapatsa shavi, koma sanailandire. Anazungulira n'kukakhala ku mpando winawo.

"Wokonza ndiye ayese. Tiyeni mpaka pa mlatho."

Ndinayendetsa ine, pakati pa msika wa Loweruka, ovololo yanga ili mafuta okhaokha. Pa mlatho ndinakhota volanti mpaka kumapeto, uku ndi uku, osamva kanthu. Pobwerera anayamba kundifunsa za kulira kwina kwa kumbuyo kumene kanawavutitsa chiyambire dzinja. Ndinawauza kuti ndikuganizira masipuling'i, koma ndiyenera kulowa pansi ndione. Anati abwera nayo Lachiwiri, akatsitsa matumba.