Bodza la Kwaya

Chiyambireni matenda oiwala, atate ankakhulupirira kuti amayi, omwe tinawaika m'manda kalekale, akali moyo. Tsiku lililonse ankandifunsa, "Amako ali kuti?" Kuwauza zoona kunkawaliza, choncho ndinazolowera kunama kuti ali m'njira, koma minibasi ya ku Chawama kuno yachedwa.

Tsiku lina ndinalikometsera bodzalo. "Bayenda ku kwaya na ba Zulu, baneba."

Atate anadzambatuka, navala jekete. "Zulu? Na mkazi wanga?"

Ndinachita mantha kuulula. Ndinangowatsatira mpaka pakhomo pa mkulu wosalakwayo, yemwe anakalipiridwa ali chiimire, maso ali pa ine. Kenako anayankha mofatsa, "Pepani bamudala, banikana. Bakuti bakonda imwe chabe."

Atate anamwetulira njira yonse yobwerera. Ine mpaka lero ndimalambalala nyumba ya ba Zulu.