Nyani Amene Adagenda Apongozi

Nditakwatiwa ku Hewe, kwa Atumbuka, kuchokera kwathu ku Dedza, apongozi aakazi adandilandira ndi malamulo ochuluka kuposa a Mose. Lalikulu linali lakuti mtengwa sayandikira apongozi aamuna. Ukawaona panjira upatuke, ngakhale kupatukako kukulowetse m'chitedze.

"Mukaphwanya limeneli, mkamwana, njira ya kwanu mukuidziwa," adatero.

Ndinkaopa kubwezedwa kuposa imfa, pakuti amayi anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo wakwatiwa kwa anthu ophunzira.

Apongozi aamunawo anali msilikali wopuma. Adani okhawo amene adawatsalira anali anyani a m'nkhalango ya Vwaza, omwe ankakolola chimanga chathu ngati adalima nawo. M'mawa wina, amuna anga atapita ku Mzuzu ndi fodya, mkuluyo adalengeza nkhondo. Gulu lake lonse lankhondo ndinali ine, chifukwa adamva kuti ndidakula ndi legeni poweta mbuzi.

Adajambula pansi ndi ndodo, akulankhula moyang'ana nkhokwe, ine nditagwada patali.

"Ichi ife timati kolosifaya. Ine pachulu, imwe pamtengo wa mango, tonse kumunsi kwa munda. Miyala yanu ndi yanga izikadutsana kutsogolo, pampata polowera anyani. Mdani akabisala kwa ine, kwa imwe ali poyera. Koma osaima moyang'anizana, tingalasane tokha. Mwapulika?"

"Yewo, adada."

Kumva ndidamva ndithu. Koma mtengo wa mangowo unali pafupi kwambiri ndi chulu, moti munthu akatsokomola uku, uko umamva. Ndipo kumtunda apongozi aakazi ankathyola nyemba, khosi atalisolola. Ndidasuntha pang'ono. Ndidasunthanso. Ulemu udandiyendetsa m'mphepete mwa munda mpaka tsidya lina, pamalo poti ngakhale mfiti sikadandinamizira kuti ndayandikira apongozi. Zoti tsopano chulu chili kutsogolo kwanga, kuseri kwa chimanga, sindidaziganizire.

Anyani adafika. Ndidasankha wamkulu, ndidakoka legeni ndi mtima wonse. Nyani adawerama. Apongozi sadawerame.

Ndidawapeza atakhala pansi, magazi akuchucha pachipumi. Monga mtengwa woleredwa bwino, ndidagwada patali n'kumawaonerera akuchucha. Ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndikanene kwathu.

Apongozi aakazi adatulukira ali wefuwefu.

"Nchivichi? Wachita ndani?"

Mkuluyo adayang'ana pamtengo wa mango, pomwe panalibe munthu. Adayang'ana mapazi anga odzaza chisoso cha tsidya lija. Kenako adayang'ana akazi awo.

"Nyani wandigenda. Wamkulu chomene."

"Nyani?"

"Nyani. Mkamwana anali pamalo pake."

Munthu amene adatha zaka ndi zaka ku usilikali popanda kukandika adasanduka choseketsa cha mudzi. Ku tchalitchi azibambo anzawo ankawafunsa ngati nyaniyo adapepesa. Iwo ankangogwira chipseracho n'kuseka nawo. Sadandifunsepo kanthu, ndipo ine sindidathokoze, poti mwambo womwewo sunkandilola kuyamba nawo nkhani. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Adamwalira chaka chatha. Poona nkhope, mzere udandifikitsa pambali penipeni pa bokosi. Chipsera chinali pomwepo, pamwamba pa diso lamanzere, chaching'ono ngati njere ya nyemba. Zaka zonsezo ndinali ndisanachionepo pafupi. Ndidaima osasuntha mpaka anthu adayamba kundikankha, ndipo apongozi aakazi adawauza kuti andisiye.