Ndinakamunenera kwa Malume Ake

Mwana wanga wamkazi anayamba kukonda zombo za m'mlengalenga asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Nthawi imeneyo tinkakhala ku South Bend, kuno ku Amereka, m'nyumba ya zipinda ziwiri yapamwamba, pafupi ndi pamene mabasi amakhotera kupita kuchipatala chimene ndinkagwirako ntchito. Masana ndinali wothandiza anamwino, madzulo n'kumawerenga mabuku a unamwino, pamene bambo ake ankakonza makompyuta payunivesite. Chidole chake choyamba sichinali kamwana ayi. Chinali kachombo koyera ka pulasitiki, ka mapiko aafupi ndi mimba yakuda, kamene tinagula kwa mayi wina amene ankagulitsa katundu wakale pabwalo la nyumba yake. Ankagona nako, ankasamba nako, ndipo Lamulungu lina ndinakapeza m'chikwama changa cha kutchalitchi, pakati pa Baibulo ndi buku la nyimbo.

Chombo chenichenicho chinkanyamuka chitaimirira, moto uli lawilawi kunsi kwake, anthu ali m'kati. Chikatha masiku angapo chikuzungulira dziko, chinkabwerera n'kudzatera pabwalo ndi matayala ngati ndege. Akachikonza, chinkapitanso. Zinalipo zingapo za mtundu womwewo, ndipo mwanayo ankazidziwa zonse ngati abale ake. Ankandifotokozera m'Chingerezi, ine n'kumamuyankha m'Chichewa kuti adye kaye, ndipo tinkamvana bwinobwino. Tsiku loti chombo chinyamuka ankakhala pakapeti, miyendo atapinda, mphuno itatsala pang'ono kugunda kanema, akuwerenga manambala chobwerera pamodzi ndi azungu a pa TV. Panja sinowo ali mbuu, m'nyumba fungo la tiyi wa mandimu, iye akufuula kuti amama bwerani muone. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, ngakhale kuti tinali osauka ndipo ndinkangokhalira kutopa.

Kenako linafika Loweruka lina m'mawa, nyengo yozizira, mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkasita yunifolomu, iye akudikira kuti chombo chitere. Sichinatere. Pakanema panangooneka mizere yoyera ikugawikana kumwamba kopanda mtambo. Chombo chinali chitasweka pobwerera, ndipo anthu asanu ndi awiri amene anali m'kati mwake anafera momwemo. Ndinaiwala simbi pamalaya mpaka inasiya chipsera.

Mwanayo sanalire. Analowa kuchipinda, natulukanso atanyamula kachitenje kake, n'kundifunsa m'Chichewa chake chopindika chija: “Amama, tikapepesa kuti?”

Chaka chapitacho amayi anga anali atamwalira kumudzi, ine osatha kupita chifukwa mapepala anga anali asanalongosoke. Amalawi a kuno anadzadza m'nyumba mwathu masiku atatu, amayi atakhala pansi ndi zitenje zawo, akuimba nyimbo za maliro, abambo ali m'khonde ndi majekete. Mwanayo anaona zonsezo, ndipo anaphunzira kuti munthu akamwalira timapita kukakhala ndi ofedwa. Funso lakelo linandilasa mtima. Ndinamukumbatira, koma kuyambira tsiku limenelo chombo chija ndinadana nacho ngati chinandiphera mbale.

Iye sanadane nacho. M'malo mwake anayamba kubwera ndi mabuku akuluakulu kuchokera ku laibulale ya m'tauni, ofotokoza chimene chinalakwika. Phiko la kachidole kaja litathyoka, analimata ndi guluu. Ine ndinkadzitonthoza kuti ndi zachibwana, akakula aziiwala ngati mmene ine ndinaiwalira phada.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu kunamveka kuti zombo zija akuzipumitsa. Chomaliza chitatera, anati zotsalazo azikazisunga m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale. Mwanayo anadzitsekera kuchipinda akulira. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinavina m'khitchini. Ndinaganiza kuti popeza galimoto yake yapita, ulendonso watha. Pamapemphero a amayi sabata imeneyo ndinaimirira kuchitira umboni kuti Ambuye andichotsera katundu wolemera, osatchula katunduyo, amayi anzanga n'kuvomera ameni mwamphamvu. Akuluakulu sananame kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patatha zaka ziwiri anandiikira pepala patebulo. Anali atapeza malo payunivesite ina ya kuno ku Indiana kukaphunzira za kapangidwe ka ndege, ndipo ankafuna kulowera kumbali ya asilikali a m'mlengalenga kuti akamaliza adzaphunzire kuyendetsa ndege. Sanabise chifukwa chake: ambiri amene amasankhidwa kukwera zombo amayambira kumeneko, ndipo zombo zatsopano zinali kupangidwa. Popeza anali asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, pepalalo linkafuna kuti makolo asayine. Ndinamuuza kuti dzanja langa silingalembe chinthu choti chidzamuphe. Bambo ake, amene ndinkadziwa kuti cholembera chikuwayabwa m'thumba, anathawira kumwambo. Anati iwo ndi mkamwini chabe, mwana ali ndi malume ake. Ankaganiza kuti akundizemba, osadziwa kuti andipatsa nzeru.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi, amakhala ku Speedway, mkati mwa Indianapolis, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito yokonza ndege. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a malume ndiwo amatseka nkhani. Ndinali wotsimikiza kuti amukaniza, chifukwa munthu wamantha ngati achimwene sindinamuonepo. Mlendo aliyense akamatsanzika pakhomo pawo, iwo amatuluka ndi kachipangizo koyezera mpweya, n'kuzungulira galimoto yake tayala ndi tayala, kaya ndi abusa kaya ndi mkwatibwi. Ndinati munthu wotere sangalole muphwa wake kukakhala pamwamba pa thanki ya mafuta yoyaka.

Choncho Loweruka lina m'mwezi wa Meyi ndinamukweza mwana wobadwira ku Amereka m'galimoto, atamanga chitenje pamwamba pa jinzi, kupita naye kukamunenera kwa malume ake. Tinayenda maola awiri ndi theka pakati pa minda imene chimanga chinali chitangomera, ine ndikuyeseza mumtima mmene ndikayalire mlandu, iye akuyang'ana pawindo.

Tinapeza mawindo a nyumba akunjenjemera, chifukwa mwezi umenewo magalimoto a mpikisano amakhala akuyeserera pabwalo lalikulu la mipikisano lapafupi ndi nyumbayo, ndipo phokoso lake limamveka ngati njuchi zalowa m'mutu. Achimwene anachita zinthu mwadongosolo lake. Anasamba m'manja, anavala jekete, anakhala pampando wawo. Mwanayo anagwada powapatsa moni. Iwo amamutcha “amayi”, chifukwa tinamupatsa dzina la amayi athu, ndipo sanamutchulepo iwe chibadwire.

Ndinayankhula nthawi yaitali. Ndinakumbutsa za mizere yoyera ija, za ana amasiye a anthu aja, za mmene tinavutikira kumulera, za ntchito zabwino za udokotala zimene munthu amagwira mapazi ali pansi. Achimwene anangomvetsera, akukanda mafuta akuda m'zikhadabo. Nditatha anatembenukira kwa mwanayo n'kumufunsa ngati akudziwa chimene chinapha anthu asanu ndi awiri aja. Iye anafotokoza kuti ponyamuka chibenthu china chinagamphuka pathanki ya mafuta n'kumenya phiko la chombocho, pakabooka, ndipo pobwerera kutentha kunalowera pamenepo. Anamufunsa ngati anachita bwino kuzipumitsa zombozo. Apa ndinatchera khutu, pokumbukira misozi ija. Koma iye anati inde, anachita bwino: zinali zitakalamba, ulendo uliwonse zinkafuna kukonzedwa miyezi, ndipo zinthu zikavuta anthu analibe pothawira. Anati ankazikonda ndipo amazikondabe, koma sakanafuna kuti zinyamulenso mwana wa munthu.

Anamufunsanso chifukwa chotumizira anthu pamene makina okha angathe kupita. Mwanayo anati makina amapita ndithu, koma chipangizo china chachikulu choonera nyenyezi chitavuta chili kale m'mwamba, anakachikonza ndi anthu, ndi manja awo ndi masipanala. Atamva za sipanala, achimwene anamwetulira mpaka mano onse panja, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga ukumira.

“Amayi, kodi mumaopa?” anatero.

“Ndimaopa, amalume.”

“Zikomo. Munthu wosaopa ine sindimulola kuyandikira ndege.”

Apo ndiye mtima unandipsa. Ndinaiwala ulemu wonse n'kuwauza kuti: “Achimwene, ine ndadiraiva mtunda wonsewu kuti mumuletse, osati mumuchite intaviyu.”

Anamutuma mwanayo kuti akathandize alamu anga kukhitchini. Titatsala awiri, anandifunsa ngati ndikukumbukira zimene amayi anandipatsa pabwalo la ndege la Chileka tsiku limene ndinkabwera kuno. Ndinkakumbukira. Unali mtedza wokazinga wothira mchere, m'pepala la shuga, atalimanga m'kampango. Ndinachita nawo manyazi pamaso pa anthu ovala masuti, ndipo ndinaubisa pansi pa chikwama. Ndinaudya ndekha pabwalo lina la ndege usiku wodikira, njala itandipha, ndikulira.

Zimene sindinkadziwa ndi zimene achimwene anandiuza tsikulo. Kutatsala sabata kuti ndinyamuke, amayi anakwera basi kupita kumudzi kwa mlongo wawo, malume athu, kukandinenera. Amayi ankaopa ndege kwambiri, moti ikamadutsa pamwamba ankasiya kuyankhula mpaka ipite. Anawapempha amalume kuti andiletse, ndipo amene anawaperekeza ulendo umenewo anali achimwene omwewa. Amalume anakana. Amayi analira njira yonse yobwerera, ndipo atafika kunyumba sanandiuze kanthu. Anangopita kumsika kukagula mtedza.

“Amayi ankaopa kuti sadzakuonanso, chemwali,” anatero achimwene. “Ndipo sanakuonenso. Sindikukuuza kuti mantha ako ndi abodza. Ndikungokuuza kuti iwo anakazinga mtedza.”

Kunja magalimoto aja ankangolirabe. Ndinakumbukira amayi ataima kuseri kwa waya wa bwalo la ndege, dzanja lili m'mwamba, ine ndikuganiza kuti akusangalala kuti mwana wawo akupita kunja. Zaka zonsezo ndinkawanena kwa anzanga kuti anali mayi wolimba mtima amene sanandikanize kanthu.

Ndisaname kuti ndinagonja pomwepo. Potsanzika sindinawagwire achimwene chanza. Iwo sanadandaule, anangotenga kachipangizo kawo n'kuzungulira galimoto yanga, napopa tayala lakumbuyo. Pepala lija linakhala pachitseko cha firiji masabata atatu, ine ndikulidutsa ngati sindikuliona. Ndinalisayina m'mawa wina ndikupita kushifiti, nditaimirira, chikwama chili paphewa, ndipo siginecha yake inatuluka yokhota ngati ya mwana wa sitandade wanu. Mwanayo analipeza, ndipo madzulo ndinapeza atatsuka mbale zonse ndi mapoto omwe, chinthu chimene sanachitepo osatumidwa.

Tsiku loti apite kusukulu ndinakazinga mtedza m'chiwaya chachikulu mpaka belu lochenjeza za moto linalira m'nyumba monse. Ndinaumanga m'kampango. Iye anaseka kuti kumene akupitako ndi maola awiri okha pagalimoto, koma anaulandira ndi manja awiri.

Papita zaka tsopano. Tinasamuka m'nyumba yapamwamba ija, ndipo ndikadutsapo pa basi ndimayang'ana windo limene ankaonerapo mwezi. Achimwene anapuma pantchito, maso akuchita chidima, koma matayala a alendo akuyezabe, alamu anga n'kumawawerengera manambala. Mwanayo amayendetsa ndege zothamanga zimene sindifuna n'komwe kuziona pachithunzi. Nthawi ina anapita kumene amasunga chimodzi cha zombo zakale zija, n'kunditumizira chithunzi ataima pansi pake. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mimba yake yakuda inali ya zigambazigamba, yowauka ndi maulendo, ndipo ndinadabwa kuti chidani chija chinatha liti. Ndinangomva chisoni, ndi kulakalaka kamwana kaja ka pakapeti. Kachidole ka phiko lomata kali pashelefu m'chipinda chochezera, pafupi ndi chithunzi cha amayi.

Chaka chino anandiimbira foni kundiuza kuti waapulaya kuti akhale m'gulu la amene amasankhidwa kukwera zombo zatsopano. Anati ofuna ndi ambiri zedi, mwina sangamutenge, ndisadandaule. Anandiuza yekha, asanauze malume ake. Ndinamufunsa ngati kumeneko amalola munthu kutenga chakudya cha kwawo, iye anati akafunsa.

M'mawa uliwonse ndimapemphera kuti asamusankhe, ndipo Mulungu akudziwa kuti ndimapemphera ndi mtima wonse. Koma mtedza ndagula kale, uli m'kabati ya pamwamba pa chitofu, ndipo kampango ndachapa.