Kachitsulo ka Njinga ya a Tchale

Tinanyamuka kuchikamwini kwanga kwa Lundu nkhuku zikutsika m'mitengo, tili anthu atatu: apongozi anga aakazi patsogolo, mwana wanga Tomasi ali kumsana kwawo, ine kumbuyo ndikukankha njinga. Zinali zaka zija nkhondo ya Ajeremani itatha, thonje litayamba kulowetsa timakobili m'midzi. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndiye akuluakulu anagamula kuti Tomasi asiye bere, akakhale kwa mng'ono wawo wa apongozi ku Chiromo mpaka aiwale. Ine anandisankha kuti ndinyamule katundu: thumba la mapira, nkhuku ziwiri ndi mphasa.

Njingayo sinali yanga. Ndikanaitenga kuti, mkamwini wopanda ndi mbuzi yomwe? Inali ya a Tchale, alongo awo a apongozi, eni mbumba, amene anali kapitawo pamalo oyezera thonje. Njinga imeneyo inkagona m'nyumba ataifunditsa nsalu, ana akugona pakhonde. Pansi pa chishalo panali kachitsulo ka mkuwa kozungulira, kabowo pamwamba, komangidwa ndi waya. Kameneko ankakupatsa a boma ukakhoma msonkho wa njinga. Akaipeza njinga ilibe kachitsuloko ankakulipiritsa mashilingi asanu, ukalephera njinga ankalanda.

"Akamwini," anatero a Tchale pondipatsa njingayo, "kachitsulo aka ndimakakwecha ndi phulusa Loweruka lililonse. Ku Chiromo asilikali sagona. Njinga yanga akakailanda, musadzavutike n'kubwera kuno. Khasu lanu tidzakutumizirani kwanu."

Sanaseke, ndipo nanenso sindinaseke. Mkamwini mnzanga pamudzipo anali atathamangitsidwa chaka chathacho chifukwa chothyola mpini wa nkhwangwa yawo. Ine mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo sindinkafuna kuti mwana wachiwiriyo ndizingomumva ndili kwathu.

Anyamata a lero mumadya m'mbale imodzi ndi apongozi anu, ndiye ndifotokoze. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, sawayankhula, sawayandikira. Mukakumana m'njira, mmodzi amalowa patchire, kaya pali minga. Choncho iwo ankayenda patsogolo, ine kutali kumbuyo, pongoonera nsalu yawo. Akaima, ine ndinkaimanso n'kumayang'ana mitambo. Kukwera njingayo sikukanatheka, chifukwa ndikanawapeza, ndipo kuwapitirira kukanakhala mwano woposa. Bambo wina yemwe ankapalira m'mbali mwa njira anatsamira khasu n'kundifunsa ngati njingayo yafa.

"Ili moyo," ndinamuyankha. "Ikungolemekeza apongozi."

Dzuwa lili paliwombo tinafika padooko la Shire. Kutentha kwake kunali koti mchenga unkakuwotcha pakati pa zala. Apongozi anagula nyika zophika za kobili ndi kansomba ka makakana kowamba, nandisiyira gawo langa pachitsa, iwo n'kukadyera kuseri kwa bango. Nyika ndi timizu ta m'dambo, tokoma ngati uli ndi njala. Ine njala ndinali nayo.

Mwini bwato anali nkhalamba ya Chisena ya mano awiri. Anati munthu ndi tiki, ndiwo makobili atatu, mwana ndi nkhuku n'zaulere, koma njinga ndi sikisi, matiki awiri. Ndinadandaula kuti chitsulo chingalipire bwanji kuposa munthu.

"Munthu amakapa madzi, amandichezetsa," anatero. "Iyi ichita chiyani?"

Anatikhazika mwaulemu wake: ine kutsogolo kwenikweni nditafulatira, njinga pakati, apongozi kumbuyo kwa njinga. Motero Dambo la Njovu lonse ndinaliona mbali imodzi yokha. Njovu sindinaione ndi imodzi yomwe. Ndinaona gumbwa, akakowa, mphuno za mvuu, ndi udzudzu umene unandilandira ngati mlendo wa ukwati. Khosi linauma, koma kucheuka ayi.

Tili pakati pa dambo, Tomasi anakumbuka bere. Mwana ameneyo anatengera kukhosi kwa a Tchale. Analira mpaka mbalame zinauluka, agogo ake akumuimbira, akumugwedeza, osaphula kanthu. Kenaka ndinangomva kuti zii. Ndinayamika Mulungu ndili chifulatire, osadziwa chimene ndikuyamikira. Tinagona pamsasa wa asodzi, ine pansi pa mtengo wina, iwo pansi pa wina, ndipo mwanayo sanalirenso.

Mawa lake dzuwa litakwera pang'ono, nkhalamba ija inatitsitsa tsidya la kum'mawa, pomwe njira ya ku Chiromo imayambira. Apongozi anatsogola monga mwa masiku onse. Ine pomangirira thumba, maso anagwera pansi pa chishalo. Panali waya wokha, ukulendewera.

"Bambo, kachitsulo kanali apa kali kuti?" ndinafunsa mwini bwato.

"Kaphetepheteko? Ndinapatsa mwana dzulo. Si munamva kuti watonthola? Agogo ake akamangirira pamkuzi wa m'chiuno."

"Ndi ka boma kameneko. Athamangireni, mukandipemphere."

Iye anali atakankha kale bwato. "Mwandilipira kuti ndikuwolotseni," anatero. "Za unkhoswe mukapeze wina."

Ndinayesa zonse zimene mkamwini amaloledwa. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso mwamphamvu, mpaka chifuwa chenicheni chinabwera. Ndinaliza belu. Koma apongozi atamva belu anayesa ndawayandikira, nayamba kuyenda mofulumira. Ndikaliza, iwo amathamanga. Ndinakwiya, ndikunena zoona: ndinakwiyira nkhalamba ija, boma, a Tchale, ndi makolo amene anayambitsa mwambo umenewu. M'njira monsemo sitinakumane ndi munthu woti ndimutume, ndipo patsogolo panga kachitsulo kaja kankaphethira padzuwa, kali pathako pa mwana wanga.

Ku Chiromo kumayamba ndi fungo la malasha. Kenaka umaona mlatho wachitsulo wa njanji, masitolo a Amwenye, ndi zipupa zokhala ndi mzere wa matope pomwe madzi a Ruo anafika. Zonsezi ndinaziona bwino pobwerera. Popita ndinangoona chisoti chofiira cha msilikali pansi pa mtengo wa bwemba, ndi wezulo imene inalira njinga yanga itangotulukira.

Msilikaliyo anali wamtali, wopanda nsapato, wolankhula mosakaniza ndi Chisena. Anawerama, nagwira waya uja ndi zala ziwiri.

"Kachitsulo kali kupi?"

"Kalipo, bwana."

"Sindinafunse ngati kalipo. Kali kupi?"

Ndinaloza ndi mlomo. Apongozi, atamva wezulo, anali ataima kuseri kwa mtengo wina, atatifulatira.

"Aitaneni."

"Sindingathe. Ndi apongozi."

Ndinaona kuti wandimvera chisoni. Anati nayenso sabata yathayo anagwera m'ngalande, yunifolomu ili m'thupi, pothawa amayi a mkazi wake. "Koma lamulo silidziwa apongozi," anatero. "Likuti kachitsulo kakhale panjinga. Mashilingi asanu, kapena njinga itsale." M'thumba mwanga munali tiki mmodzi. Ndinayamba kuganiza za khasu langa likubwera kwathu lokha.

Ndinamupempha kuti akakatenge yekha, popeza iye sanali mkamwini wawo. Anapita, nawomba m'manja mwaulemu, nafotokoza. Apongozi anamasula mbereko. Koma msilikali atangogwira mkuzi uja, Tomasi anatsegula kukhosi. Amwenye anatuluka m'masitolo. Amayi ogulitsa nsomba anasiya malichero awo n'kumuzungulira.

"Boma layamba kuvula ana mikuzi tsopano?" anafunsa mayi wina. "Mawa mudzatilandanso mbereko?"

Msilikali anayesanso, Tomasi n'kumuluma chala. Anabwerera kwa ine akupukusa dzanja, chisoni chija chitamuthera. "Nkhabe, sizitheka," anatero. "Njinga itsale."

Apa m'pamene apongozi anayankhula. Sanayankhule ndi ine, chifukwa sakanatha, ndiponso sanayankhule ndi msilikali. Anayankhula ndi mwana, mokweza kuti tonse timve.

"Tomasi, wamva? Akuti kakhale panjinga. Sananene kuti kakhale kokha. Uwauze abambo ako agwire chitsulocho zolimba, ayang'ane kumtsinje."

Ndinagwira zolimba, ndinayang'ana kumtsinje. Ndinamva mapazi akubwera, nkhuku zikusunthidwa, kenaka njinga inalemera. Anali atamukhazika Tomasi pachishalo, kachitsulo kakulendewera pamalo pake penipeni. Msilikali anazungulira njingayo. Anawerama, nawerenga nambala pathako pa mwana, nadzuka, nakanda pansi pa chisoti. Amayi aja ankamuyang'anitsitsa, manja ali m'chiuno.

"Kali panjinga," anatero. "Pitani. Koma asatsike mpaka mutuluke m'tauni."

Mwana wa msinkhu umenewo sakhala yekha pachishalo. Wina anayenera kumugwira. Choncho tinadutsa Chiromo yense tili phewa ndi phewa, ine ndikukankha nkhope ili kumtsinje, apongozi atagwira mwana nkhope ili kumasitolo. Woyang'ana kutsogolo anali Tomasi yekha, ndipo iye sanatiuze za mbuzi imene tinaigunda, kapena za mtanga wa masawu umene tinaugubuduza. Anthu ankatitsatira akuseka. Apongozi ankangouza mwanayo, "Uwauze abambo ako apite kumanzere pang'ono," ine n'kuyankha, "Tomasi, uwauze agogo ndamva." Chikwatirire, kumeneko ndiko kunali kucheza kwathu koyamba.

Tinagona kwa mng'ono wawo uja. Kutacha ndinapeza kachitsulo kali pachishalo, Tomasi akusewera ndi chivundikiro cha chitini chimene anamumangirira m'malo mwake. Ndinakamanga ndi waya kawiri, n'kuwonjezera luzi. Pomusiya mwanayo mtima unandiwawa, koma iye sanacheuke n'komwe. Tinabwerera wapansi, kuwoloka pamlatho, iwo patsogolo, ine kumbuyo, ngati palibe chinachitika.

A Tchale sanatifunse za ulendo. Anagwada pa njinga, napukuta kachitsulo ndi malaya awo, napeza timaenje ta mano m'mphepete mwake. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Akamwini, chaluma apa n'chiyani?"

Kunena zoona kukanakhala kuneneza apongozi, ndipo bodza loti n'kuwauza ndinalibe. Apongozi anali kuseri kwa mpanda, akumwazira nkhuku madeya. Ndinawamva akuyankhula ndi thadzi.

"Iwe, ukawauze a Tchale kuti mano amenewo ndi a mbumba yawo yomwe. Ngati akufuna woti amuthamangitse, ayambire mdzukulu wawo, kenaka ine. Abambo a Tomasi sapita kulikonse."

A Tchale anayang'ana thadzi lija, nayang'ana ine, nalowetsa njinga m'nyumba. Sanandibwerekenso, ndipo sindinaipemphenso. Mwana wachiwiri anabadwa ine ndili pamudzi pomwepo.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti munthu amene sakuyang'ana sindiye kuti sakukuona. Apongozi aja anamwalira nditakhala pamudzi pawo zaka zambiri, ndipo nkhope yawo sindingathe kukufotokozerani. Chimene ndinachiona bwino ndi chigongono chawo chakumanja, chimene ndinachiba ndi diso tsiku lija ku Chiromo. Chinali ndi kachipsera ka moto. Powaika m'manda ndinalira kuposa ana awo, ndili kutali, nditayang'ana kumtsinje.