Chakudya cha Pamwala

Pamene ndinkaphunzira zauphunzitsi, anatipatsa buku lina lonena za munthu amene anasiya ntchito n'kumakacheza ndi mitengo. Funso la mphunzitsi wathu linali lakuti, kodi munthuyu ndi wamisala, kapena amaona zimene ife sitiona? Anzanga anatsutsana mpaka thukuta. Ine mtima unkangondiwawa, chifukwa munthu wotereyu ndinali nditamusiya kwathu ku Thuchila. Anali achimwene anga.

Achimwene ankagwira ntchito ya zankhalango m'phiri, ku Chambe. Tsiku lina anatsika n'kutiuza kuti apeza nthochi zakupsa ndi nyemba za kalongonda zophika pamwala, popanda munthu pafupi. Kwathu aliyense amadziwa lamulo la m'phiri. Ukapeza chakudya chotere ndi cha mizimu, umadya wekha, osaitana mnzako, osafunsa kuti waphika ndani. Iwo anadya. Kuyambira pamenepo anayamba kukana chakudya cholandira m'manja mwa munthu, ndipo ankayankha mafunso a anthu amene ife sitinkawaona.

Ndinati tipite nawo kuchipatala. Amalume, eni mbumba, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe sukulu yakuzunguza mutu eti? Awa asankhidwa. Ukufuna akawabaye jakisoni kuti mizimu itikwiyire?"

Asankhidwa! Achimwene anali atangonena kuti mvula ikubwera, ndipo inagwadi, ngati kuti munthu wokhala m'phiri zaka zonsezo angalephere kuidziwa mitambo. Anthu anayamba kubwera ndi nkhuku kudzafunsira, ena kuchokera ku Mozambiki. Amalume ankawalandira atavala jekete, ndipo nkhukuzo zinkathera kunyumba kwawo. Achimwene ankangoonda, amalume masaya akutuluka.

Kenako achimwene anauza mayi wina kuti mwana wake achira, mwanayo n'kumwalira. Zitatero achimwene anayamba kuvula pagulu ndi kugona m'minda ya tiyi. Anthu amene ankawagwadira aja ndi amene anayamba kukuwira ana awo kuti, "Thawani, wamisala uyo!" Amalume anati nkhaniyi yawakulira, ndichite zimene ndinkafuna zija. Koma pofika apo achimwene anali atachoka pakhomo, ndipo ndikangotchula chipatala ankathawira kuphiri.

Mphunzitsi uja anamaliza ndi mawu akuti malire a misala ndi masomphenya ndi ovuta kuwaona. Bodza limenelo, ine ndinawaona ndi maso angawa. Munthu amakhala wamasomphenya abale ake akamadyerapo. Nkhuku zikasiya kubwera, ndi wamisala. Wa m'buku uja wolemba anamusambitsa bwino, n'kumupatsa mawu okoma. Za nsabwe ndi zilonda zakumapazi sanalembeko, ndipo mpaka pano zimandipsetsa mtima.

Lero achimwene amagona ku Chitakale, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Ndikawapatsa chakudya m'manja amataya, amati ndi cha anthu. Choncho ndikaweruka kusukulu ndimatsika minibasi pasiteji, n'kuika mbale ya mbatata ndi kalongonda pamwala pafupi ndi pomwe amagona, kenako n'kubisala kuseri kwa golosale. Amadya okha, osaitana munthu, monga mwa lamulo.

Posachedwapa tinakumana maso ndi maso pamsika. Anandizindikira, n'kundigwira dzanja.

"Achemwali, inu nonse munanditaya," anatero, osakwiya n'komwe. "Koma a m'phiri aja sanandiiwale. Amandibweretsera chakudya mpaka kuno."

"Inde achimwene," ndinatero. "Amakukondani kwambiri."

Ndinadikira kuti akhote pangodya, ndipo ndinapita kukatenga mbale yanga.