Kaseti ya Ulusi Wofiira

Ndinadzuka kusanache, azana isanamveke kumzikiti wa pa Ntaja. Tulo take tinali tongoba, nditatsamira khoma pakati pa azimayi amene anachezera nafe pamaliro, amuna akuchita zikiri panja. Ababa anali chigonere m'chipinda, atafunditsidwa nsalu yoyera. Ndinatuluka kukasonkha moto kuseri kwa nyumba.

Ababa anali telala. Pobwera ku Joni anatenga makina osokera, wailesi ndi tepi yojambulira mawu. Mtsogoleri wa dziko akamalankhula pa wailesi, ankasiya chosoka n'kuika tepi ija patsogolo pa wailesi, ife tonse chete ngati m'kalasi. Ngakhale tambala ankapirikitsidwa pakhomo. Kaseti iliyonse ankaisunga m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Ankati mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo, wina ayenera kuwasunga.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena panjinga kuchokera ku Chikweo, abale a ku Rivirivi pa lole ya thonje. Kunali kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Mpunga ndi nandolo tinaziteleka m'miphika yobwereka.

Kenako anafika tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Atapepesa, anauza achimwene anga, amene anali mphunzitsi, kuti pochokera kumanda iye mwini atenga sutikesi ija kupita nayo ku boma. Kumeneko makaseti akamvedwa imodziimodzi n'kusungidwa bwino, monga ulemu kwa malemu. Achimwene anathokoza. Masiku amenewo zoterezi munthu sunkakana.

Ine ndinakumbukira kaseti imodzi. Tepi ija sinkasankha, inkajambula chilichonse cha m'nyumba. Chaka china cha njala, tikudya mango owiritsa, Mtsogoleri ananena kudzera mwa womasulira wake kuti m'dziko muno palibe wogona ndi njala. Ababa anaiwala kuti tepi ikuzungulira. Anaseka, nati, "Abwere adzaone nkhokwe yanga." Atazindikira anandiitana, "Asiyatu, tseka chitseko."

Kufufuta mawu a Mtsogoleri sanafune, choncho kasetiyo anangoimanga ulusi wofiira. Ababa analibe chithunzi, ndipo matenda a pakhosi anawalanda mawu miyezi isanu asanatisiye. Kuseka kwawo, ndi dzina langa m'kamwa mwawo, zinatsala m'kaseti imeneyo basi. Koma ndinkadziwanso anthu amene anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo achimwene anali ndi ana atatu.

Itatha swala, pemphero la masana, amuna ananyamula jeneza, chithatha cha maliro. Ankalandirana mapewa, fumbi likukwera, mawu awo akunka natalikira. Ife akazi sitipita kumanda; tinalekezera pa mtengo wa mango, pomwe amayi anagwa pansi. Ndinawasiya m'manja mwa azakhali n'kulowa m'nyumba.

Ndinakoka sutikesi. Kasetiyo inali pakona, ulusi wake womangidwa mfundo ya telala. Mabatire anali m'tepi. Ndinkafuna kuimva kamodzi kokha, koma mkazi wa tcheyamani anali atakhala pakhonde, pafupi ndi zenera. Ndinaganiza zoibisa kudenga, koma nyumba zinkasechedwa, ndipo chobisika chimadzaululika. Ndinaikulunga m'chitenje, ndinapita kuseri, n'kuikankhira pamoto pansi pa mphika.

Inanunkha moipa. Mayi wina anafunsa chimene chikupsa. Apo n'kuti amayi atabweretsedwa pamthunzi pafupi ndi moto. Anayang'ana kaulusi kofiira kamene kanatsalira pa fuwa, kenako anayang'ana ine.

"Iyayi, ndi pepala la shuga limenelo," anatero. "Sonkhezera nkhuni, mwanangu."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti amayi sadziwa. Ndinasonkhezera, ndipo ndinalira kuposa m'mene ndinalirira usiku wonse. Anthu anati ndi utsi ndi chisoni, ndipo sananame.

Amuna atabwerako anasamba m'manja, anadya, shehe anapereka pemphero la duwa. Tcheyamani anamangirira sutikesi pa njinga yake, nalonjeza kuti liwu lililonse la Mtsogoleri likasungidwa mpaka kwa zidzukulu. Ndikhulupirira kuti analisungadi.

Madzulo anthu anabalalika, nyumba inangoti zii. Makina osokera anali ophimbidwa, ndipo pansi pa bedi panatsala malo oyera pomwe pankakhala sutikesi. Amayi anandiitana kuti ndikhale nawo pamphasa.

"Tandiuza, ankati chiyani m'kaseti muja?"

Ndinayesa kunena monga ankanenera ababa, ndi kuseka kwawo komwe, koma mawu amene anatuluka anali anga. Ndinayesanso kachiwiri, osatheka. Amayi anangogwedeza mutu. Ndinadzuka n'kukatseka chitseko.